John Nevins Andrews: Munthu Amene Mpingo Unkamutuma Kukawerenga

Lachisanu lililonse madzulo, pano pa koleji maso athu amakhala padzuwa. M'mwezi wa June limatipupulumitsa, chifukwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, ena tisanamalize n'kusita komwe. M'December limatipatsa mpata mpaka 6 koloko kudutsa. Tinakula tikudziwa kuti Sabata limayamba dzuwa likalowa, ndipo ambirife timaganiza kuti mpingo wathu wakhala ukuchita choncho chiyambire. Komatu kwa zaka pafupifupi khumi, Aadiventi oyambirira osunga Sabata ankalitsekula 6 koloko yeniyeni, kaya dzuwa linalowa kale kaya likadali m'mwamba. Amene anawasintha maganizo anali mnyamata wa zaka 26, wodwaladwala, amene sanapondeko pakhomo la koleji iliyonse. Dzina lake anali John Nevins Andrews.

Tasankha kukamba za iyeyu chifukwa tikamakambirana za mphatso za Mzimu m'makalasi a Sukulu ya Sabata, maganizo athu amathamangira kwa alaliki amoto, kwa oyimba a mawu anthetemya, ndi ku mphatso ya uneneri imene anali nayo Mayi Ellen White. Mnzathu amene amangokhala phee pakona ndi buku sitimuwerengera n'komwe. Koma pamene Paulo akutchula mphatso pa 1 Akorinto 12, nzeru ndi chidziwitso zili momwemo, ndipo pa Aroma 12 ndi Aefeso 4 akutchulanso kuphunzitsa. Mphatso ya Andrews inali kuwerenga chinthu mpaka chimveke. Kwa zaka zoposa 30, mpingo ukathedwa nzeru pa nkhani ina, unkamutuma iyeyo kuti akawerenge, abwere ndi yankho.

Anabadwa pa 22 July 1829 ku Poland, m'chigawo cha Maine ku America, ndipo anakulira m'tauni yaing'ono ya Paris m'chigawo chomwecho. Makolo ake, a Edward ndi a Sarah Andrews, anali alimi osauka. Sukulu ya m'kalasi sanapite nayo patali, koma buku silinkachoka m'manja mwake. Anadziphunzitsa yekha Chilatini, Chigiriki ndi Chiheberi, ndipo atakula ankatha kuwerenga Baibulo m'zinenero zisanu ndi ziwiri. Bambo ake aang'ono, a Charles Andrews, anali loya komanso wandale, ndipo pambuyo pake anakhala phungu wa nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington. Mnyamata wa mutu wakuthwa chonchi, wokhala ndi mbale wotere, njira ya zamalamulo ndi ndale inali yomutsegukira.

Sanaitsate njirayo. M'chaka cha 1843 banja lawo linalandira uthenga wa William Miller wonena kuti Yesu ali pafupi kubwera, ndipo pa 22 October 1844 John, ali ndi zaka 15, anali m'gulu la amene anadikira mpaka usiku osaona kanthu. Anthu ena anali atagulitsa minda yawo poyembekezera tsikulo. Banja la a Stowell linali limodzi mwa iwo, ndipo a Andrews anawalandira m'nyumba mwawo. Mtsikana wa m'banjalo, Marian, ndi amene anapeza kabuku ka T. M. Preble konena za Sabata la tsiku lachisanu ndi chiwiri. Atakawerenga anakapereka kwa John, ndipo m'chaka cha 1845 mabanja onse awiri anayamba kusunga Sabata. Tiyenera kukumbukira kuti katswiri wamkulu wa mbiri ya Sabata mu mpingo wathu anaimva nkhaniyo koyamba kwa mtsikana wamng'ono amene ankakhala kwawo mongosungidwa.

Zaka zotsatira zinali zowawa ku Paris. Okhulupirira ena, posowa chogwira pambuyo pa kukhumudwa kuja, anayamba ziphunzitso zachilendo. Ena ankakwawa ngati makanda poti akuonetsa kudzichepetsa. Ena anasiyiratu kugwira ntchito ponena kuti nthawi ya mpumulo waukulu yafika, ndipo bambo ake a John anali m'gulu limeneli. Mabanja anasauka, anthu a m'tauni ankawaseka, ndipo kwa nthawi yaitali okhulupirira sankasonkhananso pamodzi. Zinthu zinasintha mu September 1849 pamene James ndi Ellen White, pamodzi ndi Joseph Bates, anafika kudzachititsa msonkhano umene unabweza anthu m'njira. Ifeyo tikuona kuti kusamala kwake kwa Andrews powerenga Malemba kunabadwira pamenepa. Anaona ndi maso ake, m'nyumba ya bambo ake omwe, zimene changu chimachita chikatola vesi limodzi n'kuthamanga nalo.

Mu November 1850 nyuzipepala ya mpingo, Review and Herald, inayamba kusindikizidwa ku Paris komweko, a White akukhala m'nyumba ya a Andrews. John, ali ndi zaka 21, anaikidwa m'komiti yoyang'anira nyuzipepalayo. Anayamba kuyenda kulalikira m'zigawo za New England, New York, mpaka ku Ohio ndi Michigan. Masana ankalalikira, usiku n'kumalemba. M'chaka cha 1851 analemba nkhani yofotokoza kuti chilombo cha nyanga ziwiri cha pa Chivumbulutso 13 chikuimira dziko la United States, kumasulira kumene alaliki athu akugwiritsabe ntchito m'misonkhano yokopa anthu mpaka lero. Anadzozedwa ubusa mu 1853. Pofika 1855 mawu anali atasasa, maso akuvuta, thupi litatheratu.

M'chaka chomwecho ndi mmene James White anamupempha kuti afufuze nkhani ya nthawi yoyambira Sabata. Panali kusagwirizana. Ena ankati m'mawa dzuwa likatuluka, ena pakati pa usiku, ena dzuwa likalowa. Ambiri ankatsata Joseph Bates, mkulu wolemekezeka amene anayendetsa sitima zapanyanja kwa zaka zambiri. Bates ankadziwa kuti pakati penipeni pa dziko lapansi dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, choncho ankaphunzitsa kuti nthawi imeneyo ndiyo yoyenera kulikonse. Kutsutsa munthu wotere sichinali chinthu chapafupi, makamaka poti Mayi White nawonso ankasunga 6 koloko yomweyo. Andrews anasonkhanitsa mavesi asanu ndi anayi a m'Chipangano Chakale ndi awiri a m'Chipangano Chatsopano. Levitiko 23:32 inaonetsa kuti Sabata limayamba madzulo n'kutha madzulo, ndipo Marko 1:32 inaonetsa kuti madzulowo ndi pamene dzuwa lalowa. Zimene analembazo zinawerengedwa pa msonkhano wa ku Battle Creek, m'chigawo cha Michigan, mu November 1855, ndipo pafupifupi onse anakhutira.

Awiri amene anatsalira anali Bates ndi Mayi White. Patangopita masiku ochepa, Mayi White anaona masomphenya otsimikizira kuti kulowa kwa dzuwa ndiko kolondola, ndipo onse awiri anavomereza. Dongosolo la zinthuzi ndi lofunika kuliyang'anitsitsa. Mulungu akanatha kupereka yankho m'masomphenya zaka khumi m'mbuyomo. Sanatero. Anadikira kuti munthu akhale pansi ndi Baibulo, afufuze, mpingo umve, kenako mphatso ya uneneri inabwera kudzagwirizanitsa otsalira. Mneneri anawongoledwa ndi wowerenga, ndipo wowerengayo anafunika mneneri kuti nkhani ithe popanda mpingo kugawanika. Anzathu a mipingo ina akamatinena kuti ziphunzitso zathu tinazitenga m'maloto, nkhani iyi ndi imene tiyenera kuidziwa bwino.

Atamaliza ntchitoyo Andrews anapita ku Waukon, m'chigawo cha Iowa, kumene makolo ake anasamukira, kuti akapezeko mphamvu pogwira ntchito zakumunda. Kumeneko anakwatira Angeline Stevens mu October 1856. Mlaliki wina wachinyamata, John Loughborough, nayenso anali komweko akupala matabwa, atatopa ndi kulalikira wopanda malipiro. Mu December chaka chomwecho a White anayenda ulendo woopsa m'nyengo yachisanu, mpaka kuwoloka mtsinje wa Mississippi pangolo yokokedwa ndi akavalo, pamwamba pa madzi oundana amene anali atayamba kusungunuka, kuti akawaitane abwerere ku ntchito. Loughborough anabwerera nthawi yomweyo. Andrews anatenga nthawi, koma anabwerera ndithu.

Vuto limene linathamangitsa anyamatawa linali la ndalama. Mpingo unalibe njira yosamalira alaliki ake. Munthu ankalalikira miyezi itatu n'kulandira chakudya, malo ogona, mwina ndi chikhoti chakale. Andrews anaitanidwanso kuti atsogolere kagulu kofufuza zimene Baibulo limanena pa nkhaniyi, ndipo mu January 1859 mpingo wa ku Battle Creek unavomereza dongosolo lotchedwa Systematic Benevolence, lochokera pa 1 Akorinto 16:2. Mwamuna aliyense wa zaka 18 mpaka 60 ankayenera kupatula masenti 5 mpaka 25 pa tsiku loyamba la mlungu uliwonse, mkazi masenti 2 mpaka 10, ndiponso senti imodzi mpaka 5 pa madola 100 alionse a katundu amene munthu anali naye. Sichinali chakhumi monga tikuchidziwira lero, chimenecho chinakhazikika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870. Koma envulopu imene timaponya m'mbale Sabata m'mawa inayambira pamenepo, ndipo m'busa aliyense amene amalandira malipiro pa mwezi akudya zipatso za kuwerenga kwa anthu amenewa.

Kenako kunabwera nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865. Boma litayamba kulemba anthu usilikali mokakamiza, munthu ankatha kudziwombola polipira madola 300, ndipo Aadiventi ankasonkherana kuti awombole abale awo. Mu July 1864 lamulo linasintha, mwayiwo unatsalira anthu a mipingo yodziwika ndi boma kuti siinyamula zida. Mpingo wathu unali utangokhazikitsa General Conference chaka chapitacho, mu May 1863, ndipo ku Washington sunkadziwika. Anatuma Andrews. Ananyamula zikalata zofotokoza chikhulupiriro chathu ndi makalata a umboni ochokera kwa akuluakulu a boma, kuphatikizapo bwanamkubwa wa Michigan, Austin Blair, n'kukaonana ndi James Fry, mkulu woyang'anira zolemba asilikali. Boma linavomereza kuti Aadiventi ndi anthu osanyamula zida. Anyamata amene sankadziwa n'komwe kulemba kalata ya ku boma anapeza chowateteza chifukwa mnzawo wina ankadziwa kuyala mfundo papepala.

Kuyambira 1867 mpaka 1869 anali pulezidenti wachitatu wa General Conference, pambuyo pa John Byington ndi James White, kenako anakhala mkonzi wa Review and Herald kwa chaka chimodzi. Pa msonkhano wamisasa wa ku Wright, Michigan, mu 1868, anthu ankamukumbukira chifukwa usiku ankayenda tenti ndi tenti kufunsa ngati onse agona bwino. Maudindowa sanakhalepo nthawi yaitali. Mtima wake unali pa buku lake lalikulu la mbiri ya Sabata, History of the Sabbath and First Day of the Week, limene linatuluka ndi masamba oposa 300 mu 1861, n'kutulukanso lokulitsidwa mu 1873. Anafukula zolemba za akuluakulu a mpingo wakale kuti aonetse mmene kusunga Lamlungu kunalowera pang'onopang'ono. Apa ndi pamene chilema cha mphatso yake chinayamba kuonekera. Sankafuna kutulutsa chinthu chimene wina angachipezere chifukwa, choncho ankangofufuzabe, zaka n'kumapita. Mayi White anamulangiza kuti anthu akufunika bukulo msanga, ndiponso kuti kuwerenga kopanda malire kukumuwonongera thanzi. Ife amene timadandaula kuti mnzathu wa m'gulu sakubweretsa gawo lake la ntchito chifukwa akulikonzabe, tikumudziwa munthu wotere.

Mu March 1872 Angeline anamwalira ndi matenda a sitiroko. Ana awo awiri anali atamwalira kale ali aang'ono, ndipo anatsala ndi awiri, Charles ndi Mary. Andrews ankayenda kwambiri moti pakhomo ankapayendetsa ndi mkazi wakeyo, ndipo imfayi inamuthyola msana. Anasamukira ku South Lancaster, m'chigawo cha Massachusetts, kufupi ndi malaibulale a ku Boston, n'kudzikwirira m'mabuku.

Nthawi imeneyi n'kuti ku Ulaya kukuchokera makalata opempha thandizo. Michael Czechowski, wa ku Poland, amene kale anali wansembe wa Katolika, anapita ku Ulaya mu 1864 mothandizidwa ndi gulu lina la Aadiventi osunga Lamlungu, koma iye n'kumaphunzitsa Sabata. Ku Tramelan, m'dziko la Switzerland, kunabadwa kagulu ka okhulupirira kamene sikankadziwa kuti kuli anzawo kwina kulikonse. Mmodzi wa iwo, Albert Vuilleumier, anapeza Review and Herald m'chipinda chimene Czechowski ankagona, n'kulembera kalata ku Battle Creek. Mu 1869 anatumiza mnyamata wawo, Jakob Erzberger, ku America kuti akaphunzire ndi kukapempha mmishonale. Mpingo unazengereza zaka zisanu. Ambiri ankaganiza kuti popeza ku America kuli anthu ochokera m'mitundu yonse, kulalikira komweko n'kokwanira. Mu August 1874 anagwirizana zotumiza Andrews.

Pa 15 September 1874 anakwera sitima yotchedwa Atlas padoko la Boston, kulowera ku Liverpool. Anali ndi zaka 45. Anatsagana ndi Charles wa zaka 16, Mary wa zaka 12, ndi Adémar Vuilleumier, wa ku Switzerland, amene ankabwerera kwawo. Anafika ku Neuchâtel pakati pa mwezi wa October. Ameneyu ndiye mmishonale woyamba kutumidwa ndi mpingo wathu kunja kwa North America, ndipo tikamatero tisamaiwale kuti pa anthu atatu a banja limenelo, awiri anali ana a msinkhu wa ku sekondale.

Chifalansa cha m'buku ankachidziwa, koma kuchilankhula kunamuvuta, ndipo munthu amene kwawo ankamumvera ngati katswiri anasanduka wachibwibwi pamaso pa anthu opanga mawotchi a m'midzi ya ku Switzerland. Anachita zimene ankadziwa. Anaika zilengezo m'nyuzipepala kufunafuna osunga Sabata, ndipo mu 1875 iye ndi Erzberger anakayendera kagulu kena ku Germany, kufupi ndi Elberfeld. Mu 1876 anasamukira mumzinda wa Basel, ndipo mu July chaka chomwecho anatulutsa kope loyamba la Les Signes des Temps, magazini ya Chifalansa ya mwezi ndi mwezi. Ankaitumiza pa positi kwa anthu amene sanawaonepo, m'mayiko osiyanasiyana. Mu 1877 anapita ku Naples, ku Italy, kukabatiza dokotala wina, Herbert Ribton, amene analandira uthenga powerenga. Pa 24 December 1876 bambo ndi ana ake awiri anasayina pangano lakuti pakhomo pawo azilankhulana m'Chifalansa chokha, Chijeremani akafuna, ndipo Chingerezi pokhapokha onse atagwirizana kuti pali chifukwa chomveka. Taganizirani ana amasiye, kutali ndi kwawo, akudziletsa ngakhale chinenero chimene mayi awo ankawalankhulira.

Panganolo linabala zipatso, makamaka mwa Mary. Anachigwira Chifalansa msanga kuposa bambo ake, moti eni chinenerocho ankadabwa naye. Asanakwanitse zaka 16 ndi amene ankawerenga masamba a magazini asanasindikizidwe, n'kumatola zolakwika zimene akuluakulu anazidumpha. Charles ankayala zilembo za makina osindikizira. Magazini imene inkatchedwa ya Andrews inali ntchito ya anthu atatu okhala pa tebulo limodzi.

Koma pa tebulo limenelo chakudya chinali chochepa. General Conference inamutumiza popanda malipiro okhazikika, ndipo ndalama zinkabwera mwa apo ndi apo, atalemba kaye kufotokoza mmene wagwiritsira ntchito zam'mbuyo. Okhulupirira a ku Switzerland sanamuthandize monga ankayembekezera. Ikapezeka ndalama, iye ankaiika ku magazini. Banjalo linkadya buledi woyera, phala ndi mbatata, zipatso ndi ndiwo zamasamba mwa kamodzikamodzi, m'nyumba yozizira yopanda mayi woiyang'anira. Mu January 1877 anadwala chibayo mpaka kutsala pang'ono kufa, ndipo dokotala amene anamuyeza anapeza kuti vuto lalikulu linali njala. Chakumapeto kwa chaka chimenecho mpingo unatumiza William ndi Jennie Ings pamodzi ndi Maud Sisley kuti akathandize, ndipo pakhomo panayamba kuoneka chakudya chenicheni. Kwa Mary thandizolo linafika mochedwa.

Pano sitikufuna kupaka mafuta nkhaniyi. Mpingo unalakwa potumiza bambo wamasiye ndi ana awiri kudziko lachilendo popanda dongosolo la ndalama, ndipo chodabwitsa n'chakuti munthu amene anathandiza kukonza njira yosamalira alaliki ndi amene anagona ndi njala. Abale a ku Switzerland nawo anali ndi mbali yawo, moti Mayi White anawalembera kuwakumbutsa kuti anawatumizira munthu waluso kuposa onse amene mpingo unali nawo, koma iwo sanamuyamikire. Koma Andrews mwini wake analakwanso. Analangizidwa kuti akwatirenso, koma mtima wake sunachoke pa Angeline. Ankadziwa uthenga wa zaumoyo ndipo analembapo za iwo, koma pakhomo pake ankaona ngati ndalama yogulira chipatso yabedwa ku ntchito ya Mulungu. Paulo akufotokoza pa 1 Akorinto 12 kuti diso silingauze dzanja kuti silikulifuna. Andrews anali diso la mpingo, ndipo ankapereka zonse zimene anali nazo mosaumira. Chimene chinkamuvuta chinali kulandira. Mphatso ya wophika, ya dokotala, ya mnzake womuuza kuti wagwira ntchito mokwanira lero, ankazilandira mochedwa kapena osazilandira n'komwe.

Mu 1878 anaitanidwa ku msonkhano wa General Conference ku Battle Creek, ndipo anatenga Mary, amene anali atayamba kutsokomola ndi kuwonda. Ku chipatala cha mpingo, Dr. John Harvey Kellogg anapeza kuti ndi chifuwa chachikulu, ndipo chinali chitafika posachizika. Anachenjeza bamboyo kuti asamakhale pafupi kwambiri ndi wodwalayo chifukwa angatenge matendawo. Andrews sanamvere, anakhala pambali pa bedi la mwana wake usana ndi usiku. Pa ichi chokha sitingamuweruze. Ndani wa ife amene anadikirirapo m'bale wake m'chipatala angamuuze kuti akanatuluka panja? Mary anamwalira pa 27 November 1878 ali ndi zaka 17, ndipo anaikidwa ku manda a Mount Hope ku Rochester, pambali pa mayi ake. Charles anamva za imfa ya mlongo wake ali ku Basel, akuyang'anira ntchito.

Andrews anakhala ku America miyezi ingapo. Mu April 1879 ndi amene analalikira pa mwambo wopatulira tchalitchi chachikulu cha ku Battle Creek, chotchedwa Dime Tabernacle chifukwa chinamangidwa ndi masenti khumikhumi amene mamembala ankasonkha mwezi ndi mwezi. Chaka chomwecho anabwerera ku Ulaya, chifuwa chija chitamulowa kale. Zaka zinayi zomaliza anazithera kwambiri pabedi. Manja atafooka, ankanena mawu wina n'kumalemba, ndipo mnyamata wina wa m'banja la Vuilleumier, Jean, amene ankamuthandiza, analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku mmene nkhalamba ya zaka makumi asanu zokha inkalimbikira kuti magazini isadumphe mwezi. Mu 1883 Mayi White anamulembera kalata yolimba, yomudzudzula kuti amakhalitsa pa zisoni zake ndipo anakana uphungu umene ukanamupulumutsa pa mavuto ambiri. Ena mwa ife tikaiganizira kalatayo timaona ngati inali yowawa kwambiri kwa munthu amene ali pafupi kufa. Iye anailandira modzichepetsa, n'kuyankha movomereza kulakwa kwake. Zaka 28 m'mbuyomo mayiwa analola kuwongoledwa ndi kuwerenga kwake, ndipo tsopano inali nthawi yake yowongoledwa.

Mayi ake okalamba, a Sarah, anawoloka nyanja chaka chomwecho kudzamudwazika, atatsagana ndi B. L. Whitney amene anabwera kudzatenga udindo wake. Pa tsiku lake lomaliza anasayina chikalata chopereka ku ntchito ya umishonale madola 500 amene anali atatsala pa chuma chake. Anamwalira pa 21 October 1883, dzuwa likulowa, ali ndi zaka 54, ndipo anaikidwa ku Basel komweko. Anali atapempha kale kuti Review and Herald isalembe zomutamanda, ndipo mkonzi wake, Uriah Smith, amene anakwatira mng'ono wake wa Angeline, anamvera pempholo ngakhale zinali zomuwawa. Loughborough anasimba kuti nthawi ina atamufunsa kuti Baibulo analoweza lochuluka bwanji, Andrews anavomera monyinyirika kuti Chipangano Chatsopano chitatayika akhoza kuchilembanso kuchokera pamtima.

Ku Africa sanapondeko. Koma mpingo umene mu 1869 unkakayika zotumiza munthu mmodzi kutsidya la nyanja unazolowera kutumiza anthu, ndipo patapita zaka 28 chinyamukire sitima ya Atlas, mu 1902, Thomas Branch ndi banja lake anafika ku Thyolo pa mishoni ya Plainfield, imene pambuyo pake inatchedwa Malamulo. Nayenso anabwera ndi ana ake, ndipo mwana wake wamkazi, Mabel, ndi amene anayamba kuphunzitsa sukulu pamenepo. Mu 1960 sukulu ya mpingo ya ku Berrien Springs, Michigan, inapatsidwa dzina lakuti Andrews University, ndipo patsogolo pa tchalitchi chake pali chosema cha anthu atatu ataima padoko, bambo ndi ana ake awiri.

Charles anakwatira mtsikana wa ku Switzerland, Marie Anne Dietschy, n'kubwerera ku America, kumene anagwira ntchito yosindikiza mabuku ku Review and Herald moyo wake wonse, ntchito imene anaiphunzira pa tebulo la ku Basel lija. Mwana wake wamwamuna anamutcha dzina la agogo ake, John Nevins Andrews. Ameneyu anaphunzira udokotala, anapita ku China, ndipo mu 1919 iye ndi mkazi wake Dorothy anakatsegula chipatala chaching'ono ku Tatsienlu, m'malire a Tibet. Kumeneko, kuwonjezera pa kuchiza odwala, anaphunzira chinenero cha anthu a ku Tibet n'kuyamba kusindikiza timabuku m'chinenerocho.